Masiku Atatu mu Mzinda wa Roma

Pakati panu alipo ena amene mwai udzawagwera wakukafika ku Roma, likulu la dziko la Italy, kapena pa ulendo wa Akhristu anzao, kapena poitanidwa ndi mwana amene aphunzira kumeneko. Ulendo wotere udya ndalama zimene banja lasunga zaka zambiri, ndipo kawirikawiri munthu aupita kamodzi kokha moyo wake wonse, napatsidwa masiku atatu kapena anai basi. Tsono mau anga ndi awa: musayese kuona zonse. Matchalitchi a mu mzindawo ali mazanamazana, ndipo wothamangira uku ndi uko abwerako ndi matuza kumapazi, osakumbukira chimene anaona. Paja ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsiku loyamba lipatseni Petro Woyera. Lawirani, pakuti tchalitchi chake chitsegulidwa pa 7 koloko m'mawa, ndipo dzuwa likakwera mzere wa anthu oyembekeza kufufuzidwa ndi alonda utalika koopsa. Polowa salipira kanthu, koma mapewa ndi maondo aphimbidwe. Amai a kwathu ndi chitenje chao sadzavutika nazo zimenezi.

Pakati pa bwalo la kutsogolo paima chipilala chachitali cha mwala umodzi, chochokera ku dziko la Farao. Musachipitirire msanga. Kale chinaima pafupi pomwepo, m'bwalo la masewera la mfumu Nero, mmene Akhristu ambiri anaphedwa moto utapsereza mzinda m'chaka cha 64. Mwambo wa Eklezia utiuza kuti Petro anapachikidwa m'menemo chadodolido, naikidwa m'manda a m'mbali mwa phiri. Mfumu Constantine anamanga tchalitchi pamwamba pa mandawo. Chimene muona lero anachiyamba mu 1506, nachidalitsa mu 1626. Kuyambira 1940 kufikira 1949 akatswiri anakumba pansi pa altare wamkulu, napeza kanjira ka manda akale ndi malo amene Akhristu oyamba ankawalemekeza monga manda a Mtumwi. Chifukwa chake maso anu asathere pa zokongola za kudenga. Pitani patsogolo, mugwade, pakuti chinyumba chonsecho chakhala pa manda a msodzi wa nsomba. M'menemonso, mu 1964, Papa Paulo VI analengeza kuti Charles Lwanga ndi anzake 21 a ku Uganda ndi anthu oyera.

Kudzanja lamanja polowa mudzaona Maria atafukata mtembo wa Mwana wake, wosemedwa pa mwala ndi Michelangelo akali mnyamata. Kukwera pamwamba pa denga kuli makwerero 551, ndipo kumapeto kwake njira ili yopanikiza. Anyamata akwere, agogo apumule pansi. Nyumba zosungiramo zakale za ku Vatican, kumene kulinso kachalichi ka Sistina mmene makadinala asankhira Papa, zidya theka la tsiku, ndipo tikiti yake mugule ulendo usanayambe. Wofuna kuona Papa Leo XIV, amene anasankhidwa mu 2025, adziwe kuti akakhala pa mudzi alandira anthu Lachitatu m'mawa, ndipo Lamulungu masana, pa 12 koloko, apemphera nao pemphero la Mngelo wa Ambuye ali pa zenera.

Tsiku lachiwiri muone Roma wa mafumu akale. Colosseum, chibwalo chozungulira chimene chinatsegulidwa m'chaka cha 80, chinkalowa anthu ngati 50,000 odzaonerera amuna akuphana okhaokha kapena kulimbana ndi zilombo. Petro ndi anzake a nthawi ya Nero sanafere muno ai, poti chinali chisanamangidwe. Komabe Eklezia achita m'menemo Njira ya Mtanda Lachisanu Loyera chaka ndi chaka. Pafupi pali chipata cha mfumu Titus, ndipo pa mwala wake asemapo asilikali atasenza choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri chimene analanda m'Kachisi wa ku Yerusalemu m'chaka cha 70. Amene awerenga Malembo aimepo pang'ono.

Kuchokera apo yendani pansi kufika ku San Giovanni in Laterano. Ambiri ayesa kuti tchalitchi cha Petro ndicho chachikulu pa ulemu, koma iai: mpando wa Papa monga Episkopi wa Roma uli kuno, ndipo ichi ndicho chitchedwa mai wa matchalitchi onse. Kutsidya kwa msewu kuli makwerero 28 amene mwambo uti Ambuye anakwerapo kwa Pilato. Anthu awakwera chogwada. Madzulo mutsirize ku Santa Maria Maggiore, kumene Papa Francis, amene anamwalira mu 2025, anaikidwa pansi pa mwala wopanda zokometsera, wolembedwa dzina lake lokha.

Kunena za thupi, m'miyezi ya Julayi ndi Ogasiti dzuwa la kumeneko liotcha ngati la chilimwe, ndipo matchalitchi ang'onoang'ono ambiri atseka masana. Nthawi imeneyo khalani pamthunzi, mudye. Madzi musagule, pakuti m'misewu muli mipopi yachitsulo yotuluka madzi ozizira usana ndi usiku, abwino kumwa. Tengani botolo lokha. M'mabasi ndi m'sitima zodzaza muli opisa m'matumba, tsono ndalama ndi pasipoti zikhale mkati mwa zobvala. Chitsime cha Trevi, mmene alendo aponyamo makobidi, chili chokongola, koma anthu athithikana pamenepo; mphindi khumi zikwana.

Tsiku lachitatu tulukani kunja kwa linga. Pa msewu wakale wa Via Appia, umene Paulo Woyera anadzera pofika ku Roma ali wandende, pali manda a pansi pa nthaka a San Callisto, njira zopapatiza zokumbidwa m'thanthwe, mmene munaikidwa Akhristu osawerengeka ndi Apapa angapo a zaka zoyamba. Mulowa ndi wotsogolera, ndipo Lachitatu satsegula. Tengani chofunda, pansipo pazizira ngakhale kunja kukutentha.

Potsiriza pitani kwa Paulo mwini, ku San Paolo fuori le Mura. Iye anadulidwa mutu, pokhala mfulu ya Chiroma imene lamulo silinalole kuipachika. Tchalitchi chake chinapsa mu 1823, nachimanganso. Kuno anthu achepa, ndipo munthu atha kupemphera mosakankhidwa. Pansi pa altare pali kazenera koonetsa mbali ya bokosi lamwala la manda ake, ndipo m'mwamba mwa zipilala mwandanda nkhope za Apapa onse kuyambira Petro. Sitima ya pansi pa nthaka iima pafupi, ndipo idzakufikitsani ku Termini, siteshoni yaikulu, nthawi ikalipo yakumanga katundu.