Chaka chomwe a pamsika adapulumutsa mpira wathu ku Chigwa

Anthu a m'tauni mukamva za Chikwawa ndi Nsanje mumangoganiza kutentha, nzimbe ndi madzi osefukira basi. Koma abale anga, kuchigwa kuja kulinso mpira, tsono mpira wake wa ana asukulu, womwe suulutsidwa pawailesi. Inu amene mumakangana za Bullets ndi Manoma pabenchi la tomato ku Limbe, tamverani nkhani ya chaka cha 2015, chomwe ine ndidasewera nambala 3 m'timu ya sekondale yathu yoyendera, cha pakati pa Ngabu ndi Bangula.

Kayendetsedwe kake nkotere. Mpira wa m'sukulu uli m'manja mwa bungwe la MASSA. Mumayamba kuswana ndi sukulu zoyandikana nazo m'zoni, opambana apite paboma, kenaka kuchigawo cha maphunziro. Ife a Chikwawa ndi Nsanje tili m'chigawo chimodzi ndi Blantyre, Mwanza ndi Neno. Ndiye maloto a mwana aliyense kwathu adali amodzi: kuwoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, kukwera zitunda za Thabwa, nkukaonetsa ana a m'tauni kuti nafenso mwendo tili nawo.

Chaka chimenecho tidatsegulira teremu yachiwiri mvula ili pakalapakala. Pa 13 January, pulezidenti wa nthawiyo Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi ya madzi. Anthu oposa 100 adafa m'dziko muno, ndipo Chikwawa ndi Nsanje ndiwo adalira kwambiri. Mtsinje wa Ruo udasiya njira yake nkudula Makhanga, anthu nkumachita kupulumutsidwa pa maboti ndi helikopita.

Sukulu zambiri zidasanduka misasa, yathunso chimodzimodzi. Pabwalo lathu la mpira padadzaza matenti. Magolo athu amitengo azimayi adayanikapo zovala, ndipo pakutha pa sabata ziwiri mtanda umodzi udalowa pamoto kuphikira phala. Palibe adadandaula. Ungakanize bwanji nkhuni mayi yemwe nyumba yake yapita ndi madzi?

Anyamata asanu a m'timu mwathu ankagona m'matenti omwewo. Mayunifolomu, makope, zonse zidapita. Ambiri amene zidawachitikira zotere sadabwererenso m'kalasi. Ena adatsikira kudambo kukakumba nyika zoti banja lidye, ena adawolokera ku Mozambique kukafuna maganyu. Mphunzitsi wathu wa zamasewero adangoika lamulo limodzi: "Wojomba m'kalasi asaoneke pa tirening'i." Ndiye anyamata aja ankabwera m'mawa ndi njala yawo yomwe, kuopa kutaya malo m'timu.

Tirening'i tinkachitira pamchenga womwe madzi adasiya kuseri kwa msika, opanda nsapato, mpira wake umodzi wosokasoka. Kumeneko nkomwe a malonda adationera. Mayi wina wogulitsa makakana ndi milamba youma, yemwe tonse tinkamutchula kuti amayi, adaima tsiku lina dengu lili pamutu.

"Ana inu, jezi zanu zili kuti?"

"Zidapita ndi madzi, amayi."

Sadayankhe kanthu. Loweruka lotsatira mbale idazungulira msika wonse. Wa kaunjika adasankha malaya ofiira khumi ndi asanu, ofiira ake osiyanasiyana, ena olembedwa za makampani akunja. Wolemba zikwangwani adalemba manambala kumsana ndi penti wa mafuta, moti dzuwa likaswa, nambala inkamata pathupi. Wa butchala adagula mpira watsopano. Anyamata a kabaza adalonjeza kutinyamula ulere pa masewero apafupi. Anthu amenewatu nawonso katundu wawo adali atanyowa, ena mpamba utathera m'matope. Mphunzitsi adangoti "takhuta" m'Chisena, mawu nkumuthera.

Masewero a m'zoni adayamba mochedwa, ndipo onse tidakasewerera koyenda poti kwathu kudalibe bwalo. Kusewera koyenda kuchigwa si masewera. Ochemerera amaima pamzere penipeni, mbuzi zimalowa m'bwalo, woyimbira ndi mphunzitsi wa pasukulu yomweyo. Timu ina idatibweretsera "mwana wa Fomu 2" wandevu zake, yemwe tonse tinkamudziwa kuti ali ndi mkazi ndi ana awiri. Tidawachinyabe. M'zoni monse sitidagonje, tidangolepherana mphamvu kamodzi.

Tsoka lidabwera ndi nyengo yodula nzimbe. Wogoletsa zigoli wathu, mnyamata wamiyendo ngati ya gwape, ndiye adali wamkulu pabanja la ana amasiye. Atamva kuti kuminda ya nzimbe kwayamba maganyu, adabweza jezi yake atachapa bwinobwino, nkunyamuka. Mphunzitsi adamutsatira kawiri konse, koma munthu sungamuuze za chikho azibale ake akugona ndi njala.

Pa ndime ya paboma, a pamsika adasonkhanso ya lole. Tidakwera pamodzi ndi amayi aja, wa butchala ndi ng'oma ziwiri. Tidayamba kuchinya ndife, iwo nkubweza, ndipo kutatsala pang'ono kuti mpira uthe adatibaya chachiwiri. Thabwa sitidakwere. Pobwerera mulole mudali zii ngati tikuchokera kumanda, mpaka amayi aja adamasula nsalu nkugawa zitumbuwa.

Komabe tamvani ichi. Anyamata asanu a m'matenti aja onse adafika Fomu 4 nkulemba mayeso a MSCE. Chidawasunga pasukulu si ufa wa chithandizo ayi, koma malaya ofiira a kaunjika aja.

Kale ana a kuchigwa adali ndi poyang'ana. Pa bwalo la Kalulu ku Nchalo panali timu ya Sucoma, yomwe idadzatchedwa Illovo kampani ya shuga itasintha eni mu 1997, ndipo inkalimbana ndi akuluakulu mu Super League. Nchalo United idalowamo mu 2018, nkutuluka chaka chomwecho. Madzi nawo sadatope: Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023. Usiku wa pa 25 January 2022, pomwe Gabadinho Mhango adaponya mzinga uja muukonde wa Morocco, anthu ambiri kwathu sadaone. Namondwe Ana adali atangoononga malo opangira magetsi a Kapichira, m'boma la Chikwawa momwemo, ndipo sukulu zidali zitadzazanso anthu othawa madzi.

Zikho za andale timazidziwa: zimamera chaka cha chisankho, mavoti akawerengedwa zimafota. Ndalama ya pamsika ndi yochepa, koma simayembekeza kampeni. Tsono inu amayi ndi abambo a ku Limbe, Ndirande, Nchalo ndi Bangula, ana asukulu akabwera ndi kapepala kopempha ya mpira, musawathamangitse ngati akuba. Funsani dzina la mphunzitsi wawo, mugule mpirawo ndi manja anu, mukaupereke nokha, ndipo Loweruka mutseke benchi ola limodzi mukawachemerere. M'mera mpoyamba. Mwa ana omwe mudzawaone akuthamanga opanda nsapatowo, alipo wina amene akubwerabe kusukulu chifukwa cha mpira womwewo basi.