Likoma Yatalika, Mbombwe Ili Pafupi

Amayi anzanga, ambirife timalakalaka titakwera sitima ya Ilala kukaona chilumba cha Likoma. Koma chigwereni mphamvu ya kwacha mu Novembala 2023, ndalama ya basi, ya sitima ndi ya kogona ikulimbana ndi ya feteleza, ndipo munda sudikira.

Musataye mtima. Konkuno ku Chiradzulu kuli Mbombwe, kumene Mbusa John Chilembwe anakhazikitsa mishoni ya PIM mu 1900. Tchalitchi chake asilikali anachigumula mu 1915, koma Dr Daniel Malikebu anadzatsegulanso mishoniyo mu 1926. Sonkherani m'gulu mwanu, kazingani zitumbuwa, mupite ndi ana pa 15 Januwale, tsiku lomukumbukira. Nkhope yake anawo amaiona pa ndalama; akapondeko pomwe ankaphunzitsa. Ndi nthawi ya dzinja, musaiwale ambulera.