Chokuzira mawu chopita kumudzi

Bambo wina wa ku Dedza, yemwe amagwira ntchito yosamalira maluwa ku Johannesburg, anatumidwa ndi kalabu ya alimi ya kwawo kuti akagule ampulifaya ndi masipika ochititsira misonkhano. Ndalamazo zinali za soya amene mamembala anagulitsa, thukuta la chaka chathunthu.

M'masitolo a ku Fordsburg anapeza makatoni onyezimira olembedwa ma watts zikwizikwi a PMPO. Iye anafunsa za RMS, pakuti nambala imeneyi ndiyo imanena mphamvu imene chipangizo chingatulutse kwa nthawi yaitali. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anaonetsetsanso kuti ma ohms a masipika akugwirizana ndi ampulifaya, chifukwa akachepa, ampulifaya imatentha mpaka kupsa.

Nkhani yaikulu inali ya magetsi. Kumudzi kwawo mawaya a ESCOM sanafike, motero anasankha ampulifaya yaing'ono yoyendera batire la 12 volts, lotchajidwa ndi sola.

Ndi ndalama za m'thumba mwake, anagulira mwana wake, wokonda nyimbo ndi magemu a pafoni, mahedifoni ophimba khutu lonse, amene amatchinga phokoso lakunja kuti munthu asamakweze kwambiri. Bungwe la WHO limalangiza kuti wamkulu asapyole maola 40 pa sabata akumvetsera pa ma decibels 80. Khutu likagontha ndi phokoso silichira.

Katunduyo anakwera basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete, malisiti ali m'manja mwa mbale wake, kuti akawaonetse kwa a MRA pachipata cha Dedza.