Sikelo yawalanda nsima mayi a ku Cateme

Mayi ena a ku Cateme, kumene Vale inasamutsirako mabanja mu 2009 ndi 2010 pofuna malasha a ku Moatize, ayamba kudzimana nsima. Chawaopsa ndi sikelo imene mwana wawo anawagulira ku Tete. M'mawa imati mafuta achuluka, madzulo imati achepa, thupi lomwelo.

Sikeloyi siona mafuta ayi. Imalowetsa timagetsi tosamveka kumapazi, timene timayenda msanga m'madzi a m'thupi koma timavutika m'mafuta, kenaka imangoyerekeza. Munthu akauma ndi thukuta la dzuwa la kuno, kapena mapazi akakhala a ming'alu, nambala imasokonekera.

Makilo okha imanena zoona, ikakhala pansi posalala. Koma mayiwa, amene amalima ndi kusenza madzi, akugona ndi njala chifukwa cha nambala inayo.