Agogo Ankati “Ndadya Kale”



Mwezi wa Novembala Mpingo umatipempha kupempherera abale athu amene anatsogola. Sabata ino ndiloleni ndikumbukire pamodzi nanu agogo anga aamuna, bambo wa mayi anga, amene anagona kwathu ku Songani m’chaka cha 2019.

Agogo sanali munthu wotchuka. Anabwera m’mudzi mwathu ngati mkamwini, ndipo mwambo wathu mukuudziwa: ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo mkamwini akatopa amatha kunyamula kathumba kake n’kubwerera kwawo popanda womuletsa. Agogo anakhala zaka zoposa makumi asanu pamudzi wa eni, akulima munda wa eni, koma tsiku ndi limodzi lomwe sanayankhulepo ngati mlendo.

Ali mnyamata anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown m’dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Boma la Kamuzu linaletsa kulemba anthu a Wenela, ndipo agogo anabwerera kumudzi. Anzawo ena anatsalira komweko, nasanduka matchona. Iwo anabwera ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka imfa.

Njinga imeneyo ndiyo inalera mbumba yonse. Tambala woyamba akalira, agogo ankapalasa kupita ku nyanja ya Chilwa kukapikula matemba, n’kudzawagulitsa pamsika wa Songani, m’mbali mwa msewu wochoka ku Zomba kupita ku Liwonde. Nyanja itauma mu 1995, anayamba kugulitsa mpunga wa ku Domasi ndi tomato. Sankadandaula. Madzulo, kaya atopa motani, ankatisonkhanitsa pakhonde kuti tichite kolona, phiri la Malosa likuda pang’onopang’ono kumbuyo kwathu.

Mayi anga anamwalira mu 2001, zaka zitatu mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere m’zipatala za boma. Bambo anali atatsogola kale. Tinatsala ana atatu, ine wa zaka zisanu ndi zinayi ndili wamkulu. Mwa mwambo, udindo wotisamala sunali wa agogo aamuna. Koma pa tsiku la kumeta, akuluakulu akukambirana zotigawana, agogo anaimirira n’kunena kuti ana sagawidwa ngati mbuzi, akhala pakhomo pomwepa.

Kenaka inafika njala ya 2002. Amene munalipo mukukumbuka miyezi ya Januwale ndi Febuluwale: anthu ankadya gaga, maungu anthete ndi zitsa za nthochi. Agogo anagulitsa njinga yawo ija nagula chimanga, nayamba kuyenda pansi kukagwira ganyu. Madzulo agogo aakazi akapakula kansima kochepa, iwo ankakankhira mbale kwa ife, amvekere, “Idyani zidzukulu zanga, ine ndadya kale kumsika.” Ife tinkadya osayang’ana m’mwamba. Ine mumtima ndinkawakwiyira ndithu, poganiza kuti akudya zabwino kumsika ife tikunyambita gaga. Tsiku lina ndinawafunsa mwamwano chifukwa chake satibweretserako. Anangoseka n’kundisisita m’mutu.

Choona ndinachimva patapita zaka 17, pamaliro awo. Mnzawo wina wachikulire wa Chisilamu, amene ankagulitsa naye pamsika, anapempha kuti ayankhule. Anati m’nyengo ya njala ija ankawaona agogo akumwa madzi okha masana, ndipo iye akawagawira kachinangwa, ankakabisa m’thumba kuti akapatse ana. Pomwepo ndinakumbukira tizidutswa ta chinangwa timene tinkatipeza m’mawa tili m’mbale. Ndinalira, osati chifukwa cha imfa yokha, koma chifukwa mawu akuti zikomo ndinali nditawasunga mpaka mwini wake atatseka maso. Nthawi ya matenda awo ndinali ku Blantyre, ndikungotumiza ndalama pafoni ndi kulonjeza kuti ndibwera mwezi wamawa. Bambo mfumu anafika kudzawadzoza mafuta a odwala. Ine ndinafika bokosi litakhomedwa kale.

Mu Disembala 2020 Papa Fransisko analengeza Chaka cha Yosefe Woyera, ndipo m’chaka chimenecho ndinayamba kuwamvetsa agogo. M’Mabuku a Mthenga Wabwino mulibe mawu ngakhale amodzi otuluka pakamwa pa Yosefe. Timangoona akudzuka usiku, akuthawitsa Mwana ndi Amayi ake ku Ejipito, akupala matabwa ku Nazarete, akulera Mwana amene sanam’bereke. Ubambo wotere sulira ng’oma. Umaoneka pa mbale imene wakankhira kwa wina.

Lero nanenso ndine bambo wa mwana mmodzi, ndipo anzanga amene ali ku Johannesburg sasiya kundiitana. Sindikunena kuti kupita kukasaka ntchito ndi tchimo. Agogo nawonso anapita. Koma iwo anadziwa njira yobwerera. M’miphakati mwathu muli ana ambiri amene bambo awo amawadziwa pa chithunzi cha pafoni basi, ndi agogo ambiri amene akulera zidzukulu ndi manja onjenjemera.

Choncho anzanga, sabata ino ndikukupemphani zinthu ziwiri. Amene makolo kapena agogo anu akadali ndi moyo, musadikire tsiku la maliro. Pitani mukawaone, mukawafunse za masiku amene ankati adya kale. Amene anu anatsogola, aperekereni Misa ndi kukalambula pamanda awo. Ine Loweruka likubwerali ndikwera minibasi ya ku Songani, khasu ndikabwereka kwa malume.

Ambuye awalandire agogo ndi onse amene anatilera, ndipo mizimu yawo iuse mumtendere. Amen.