Mfuti ya 303 ndi chipolopolo chake cha 311

Ambiri a ife tinakula tikumva za mfuti ya 303, ija ya Lee-Enfield imene asilikali ankanyamula pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Timangoti nambalayo ndiye kukula kwa chipolopolo. Koma mukatenga mutu wa chipolopolo cha .303 British, kaja kamene kamauluka mfuti ikalira, n'kuuyeza, mupeza 0.311 kapena 0.312 ya inchi.

Chifukwa chake chili m'kati mwa mpope wa mfuti. Mwa gogodela mumakhala mosalala, koma mfuti zamakonozi zili ndi tingalande topotana kuyambira kumbuyo mpaka kukamwa, ngati munda wounga mizere. Mpope wotere uli ndi miyeso iwiri. Mungayeze kuchokera pamwamba pa mzere kukafika pamwamba pa mzere wa mbali inayo, kapena kuchokera pansi pa ngalande kukafika pansi pa ngalande inzake. Angelezi anayeza pa mizere, n'kupeza 0.303. Koma mutu wa chipolopolo uyenera kudzaza mpaka pansi pa ngalande, kuti mphamvu ya onga isathawire m'mbali, ndiponso kuti mizere iulume n'kuupota pamene ukutuluka. N'chifukwa chake umanenepa kuposa dzina lake.

Zikanakhala kuti opanga onse amayeza mofanana, bwenzi titazolowera. Dzina la .30-06 ya ku America likunena zinthu ziwiri: 30 ndi muyeso wa pa mizere, 06 ndi chaka cha 1906. Mutu wake ndi 0.308, wofanana ndendende ndi wa .308 Winchester ya mu 1952, imene anaitcha potsata mutuwo. Ngakhale mamilimita satipulumutsa. Chipolopolo cha NATO ndi cha AK-47 zonse zimayamba ndi 7.62, koma mutu wa choyambacho ndi 7.82 mm pamene wa chachiwiricho ndi pafupifupi 7.9 mm.

Pa mfuti zazikulu za njovu ndi njati, zimene timazidziwa ku Luangwa ndi ku Kafue, .375 H&H ya mu 1912 ndi .458 Winchester Magnum ya mu 1956 zimanena zoona, dzina ndi muyeso n'chimodzi. Koma .404 Jeffery mutu wake ndi pafupifupi 0.423. Nayo .275 Rigby, imene W.D.M. Bell ankaphera njovu ku Karamoja, ndi 7x57 Mauser ya Ajeremani yovekedwa dzina la ku London basi, ndipo mutu wake ndi 0.284. Apa ife tikuona kuti malonda ndiwo analamula, si sikelo ayi.

Zonsezi tikanangoziseka zikanakhala kuti sizivulaza. Chipolopolo cha .308 Winchester chimatha kulowa m'mfuti ya .270 Winchester, n'kutsekeka. Koma mpope wa .270 anaupangira mutu wa 0.277. Munthu akakoka, mutu wonenepawo umakanikizidwa m'njira yopapatiza, ndipo mfuti ikhoza kuphulikira pankhope pa mwini wake. Choncho amene timabwerekana zipolopolo tisamangofunsa kuti "ndi 30 kodi?" Nthawi zambiri dzina lonse limadindidwa pa mpope wa mfuti ndi kumatako kwa chigoba cha chipolopolo, ndipo malemba awiriwo ayenera kufanana mpaka mawu omaliza. Pali .303 British, palinso .303 Savage, ndipo ya Savage mutu wake nthawi zambiri ndi 0.308.