Ramu Wotentha wa Batala m'Chisanu cha ku Tembwe

Ramu wotentha wa batala ndi chakumwa cha zinthu zisanu: ramu, batala, shuga, zonunkhiritsa ndi madzi otentha. Chimamwedwa m'nyengo yozizira, makamaka madzulo, ndipo kapu imodzi imakwana. Kapangidwe kake kamaoneka kophweka, koma odziwa ntchito ya m'bala sachipeputsa, pakuti chimaulula msanga dzanja losasamala. Mafuta samvana ndi madzi, mowa nawo sumvana ndi moto. Luso lonse lagona pa kukhazika pamodzi zinthu zosamvanazi kwa mphindi zochepa zimene munthu akumwa.

Ramu ndi mowa wotcheza wochokera ku nzimbe. Popanga shuga pamatsala madzi akuda, onanda, otchedwa molasesi. Madziwa akawasungunula ndi kuwasiya kuti asase, amawatcheza n'kupeza mowa waukali. Ntchitoyi inakula m'zaka za m'ma 1600 pa zilumba za Caribbean, makamaka Barbados, kumene akapolo ochokera ku Africa ankalima nzimbe. Molasesi wambiri ankapita pa zombo kukatchezedwa ku New England, dera lozizira kwambiri la kumpoto chakum'mawa kwa America, ndipo anthu a kumeneko anazolowera kumwa ramu wothira madzi otentha, shuga ndi batala. Pamene Jerry Thomas ankatulutsa buku lake la kasakanizidwe ka zakumwa ku New York mu 1862, ramu wotentha wa batala anali kale m'gulu la zakumwa zodziwika.

Ku Tembwe, m'boma la Chama ku Zambia, chakumwachi n'chachilendo. Derali ndi la Asenga, lili m'chigwa cha Luangwa, ndipo limadziwika ndi mpunga komanso kutentha kwa mu Okutobala. Komabe mu Juni ndi Julaye, mpunga utalowa m'matumba, usiku kumazizira moti anthu amasonkha moto wa nkhuni za tsanya n'kumaotha mpaka tulo. Iyi ndiyo nyengo yokhayo imene chakumwa chotere chimamveka kukoma m'chigwa. Wofuna kuchipanga kumeneko amayamba ndi kusaka zipangizo, ndipo chovuta kupeza si mowa ayi, koma batala. Kashembe walepheretsa kuweta ng'ombe m'madera ambiri a chigwachi, choncho mkaka wa ng'ombe ngosowa. Batala amachokera kumtunda, m'masitolo a ku Lundazi kapena ku Chipata, ndipo poti amasungunuka kutentha kukangofika pa madigiri 32 mpaka 35, ulendo wake umatheka bwino m'chisanu mokha. Majarini sangalowe m'malo mwake. Amapangidwa ndi mafuta a mbewu, ndipo akasungunuka m'madzi otentha amasiya kakomedwe kozizira kamene kamamata m'kamwa.

Ramu woyenera ndi wakuda kapena wofiirira, uja wakhalitsa m'migolo ya matabwa kapena wokhala ndi fungo lamphamvu la molasesi. Ramu woyera amazimirira pansi pa batala. Wa m'botolo nthawi zambiri ukali wake umakhala pafupifupi 40 pa 100, ndipo zimalembedwa pa botolopo, chimene chimathandiza wopanga kudziwa muyeso.

Apa mpamene ambiri amafunsa za kachasu. Funsoli n'lomveka, pakuti kachasu wa shuga ndi m'bale wake wa ramu. Amayi otcheza amaviika gaga ndi shuga m'madzi, ena amawonjezera zipatso monga masau, n'kusiya masiku angapo kuti zisase. Kenako amaziika pamoto mumphika kapena m'diramu lomata bwino pakamwa, nthunzi n'kumadutsa m'paipi yoziziritsidwa ndi madzi, mowa n'kumadontha m'botolo. Nzeru yake ndi yomweyo ya m'mafakitale a ku Caribbean. Kusiyana kuli pakuti ukali wa kachasu sudziwika. Botolo loyamba, lija amati mutu, limakhala laukali kwambiri ndiponso ndi limene limatenga zoipa zambiri zoyamba kuuluka. Lomaliza limakhala ngati madzi. Kudontheza pamoto kuti aone ngati ayaka kumangosonyeza kuti mowawo ngwamphamvu, osati kuti ngwabwino. Choopsa china n'chakuti batala ndi shuga zimabisa ukali, kotero munthu akhoza kumwa wochuluka osazindikira. Malamulo a Zambia salolanso kutcheza ndi kugulitsa mowa popanda chilolezo, ndipo boma linaletsa ngakhale timapaketi ta tujilijili mu 2012 poona mmene mowa waukali wotchipa unkawonongera achinyamata. Pa zifukwa zimenezi wopanga wosamala amasiya kachasu pambali.

Ntchito yeniyeni imayambira pa phala la batala, limene limakonzedwa mowa usanatsekulidwe n'komwe. Batala amamusiya afewe yekha m'mbale. Sayenera kuikidwa pamoto, chifukwa akasungunuka amalekana, mafuta pamwamba, zoyera pansi, ndipo sabwereranso. Pa magalamu 100 a batala pamalowa shuga wabulauni wokwana magalamu 150 kapena 200, malinga ndi lilime la omwa. Shuga wabulauni ndiye wabwino poti akadali ndi kamolasesi, ndipo amakumana ndi ramu ngati apachibale. Pamene palibe, uchi wa m'chigwa momwemo umagwira ntchito, koma wochepa, chifukwa umatsekemera kuposa shuga ndipo fungo lake likhoza kulamulira kapu yonse. Zonsezi amazipota ndi supuni yamtengo mpaka zitayererako ndi kusalala.

Zonunkhiritsa zimalowa pambuyo pake: supuni ya tiyi imodzi ya sinamoni wopera, theka la supuni ya nutmeg, kachidutswa chabe ka cloves wosinja, ndi kamchere kotsina ndi zala ngati batalayo alibe mchere. Zonunkhiritsa zitatuzi n'zochokera kutali. Sinamoni kwawo ndi ku Sri Lanka, nutmeg ku zilumba za Banda ku Indonesia, ndipo cloves wodziwika m'dera lino ndi wa ku Zanzibar ndi Pemba. Cloves ndiye wofunika kumuopa. Akachuluka pang'ono pokha amachititsa dzanzi lilime, ndipo chakumwa chimayamba kununkha ngati mankhwala a dzino. Nutmeg amakoma akapalidwa nthawi yomweyo kuchokera ku njere yake. Wa m'paketi wokhalitsa pa shelefu amakhala atatha mphamvu. Jinja, amene amapezeka m'misika yambiri, amawonjezera kuyabwa kumene anthu a kuno anakuzolowera m'tiyi, ndipo ambiri amamukonda kuposa zina zija.

Chifukwa chosakanizira zonunkhiritsa m'batala, m'malo mongoziwaza m'kapu, n'chakuti fungo lake limasungunuka m'mafuta, osati m'madzi. Batala amalikoka n'kulisunga. N'chifukwa chake phala logonetsa usiku umodzi limakoma kuposa la lero lomwe. Pamene palibe firiji, phalali amaliika m'botolo lagalasi lotseka bwino, n'kulikhazika m'mbale ya madzi pafupi ndi mtsuko, pamthunzi, ndipo sayenera kukonza lochuluka kuposa la masiku awiri kapena atatu. Likayamba kamfungo kowawasa, latha.

Pothira, chilichonse chili ndi nthawi yake. Kapu yabwino ndi yadothi yochindikala. Yachitsulo imaotcha milomo poyamba, kenako n'kuzizira msanga. Wopanga amayamba watsukuluza kapuyo ndi madzi otentha kuti ifunde, chifukwa batala akakhudza kapu yozizira amaundana m'mbali. Amaikamo supuni yaikulu imodzi ya phala lija, n'kuthirapo madzi otentha pang'ono, ongokwana kumiza phalalo, ndi kutakasa mwamphamvu mpaka shuga atasungunuka ndipo mafuta atamwazika tinthu ting'onoting'ono. Apa mpamene ambiri amalakwa: akathira madzi onse kamodzi, batala amangoyandama pamwamba ngati mafuta a pa msuzi wa nkhuku. Kenako pamalowa ramu, mamililita 50, n'kumalizira ndi madzi otsala kufika pa mamililita 150 kapena 180 onse pamodzi. Kathovu kofiirira kakabwera pamwamba, ndiye kuti zatheka.

Madziwo akhale owira kale koma otsitsidwa pa mbaula kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mowa umawira pa madigiri 78, pamene madzi amawira pa 100, choncho madzi obwadamuka amauluza fungo labwino la ramu, n'kutumiza nthunzi yolasa m'mphuno mwa womwa. Pa chifukwa chomwecho ramu saphikidwa m'poto. Botolo nalo lisayandikire makala, pakuti nthunzi ya mowa imagwira moto. Ena amafinyiramo ndimu, koma madzi a ndimu amadula batala. Chabwino n'kusenda kakhungu kake kopyapyala, kukapotokola pamwamba pa kapu kuti mafuta ake agwere, basi. Chakumwachi sichidikira munthu. Chikazizira, batala amabwerera pamwamba n'kuuma, ndipo kuchitenthetsanso sikuthandiza.

Pali chinthu chimodzi chimene wopanga aliyense ayenera kuuza omwa, ngakhale sichikoma kumva. Mowa sufunditsa thupi. Umatsekula mitsempha ya magazi ya pakhungu, munthu n'kumva kutenthera, pamene kutentha kwa m'kati kukutayika msanga kuposa kale. Zimene zimafunditsadi m'kapuyo ndi madzi otentha, shuga ndi batala. Choncho ichi n'chakumwa cha munthu amene ali pakhomo, pafupi ndi moto ndi bulangeti. Si cha msodzi wopita ku Luangwa mbandakucha, kapena cha mlimi wogona kudimba kulondera njovu, amene afunika maso akuthwa ndi miyendo yolimba usiku wonse. Si cha woyendetsa njinga yamoto, mayi woyembekezera, kapena mwana wosakwana zaka 18, amene lamulo limaletsa kumugulitsa mowa.

Kwa amene samwa mowa, phala lomwelo limagwira ntchito popanda ramu. Amalisungunula m'tiyi wakuda wofulula mwamphamvu, kapena m'madzi owiritsa ndi jinja wosinja, motsata ndondomeko yomwe ija: kapu yofunda, madzi pang'ono poyamba, kutakasa, kenako otsalawo. Shuga amachepetsako, popeza palibe ukali wa mowa woti aufewetse.